Mzere wa code ukhale ndi malire

Anzanga olemba mapulogalamu muno mu Blantyre, nkhani ya kutalika kwa mzere wa code ena mumaiona ngati yachibwana, koma ine imandikhudza. Mzere ukhale ndi malire, ndipo malirewo aikidwe poganizira munthu amene ali ndi sikirini yaing'ono pagulu lanulo.

Odana ndi malire a zilembo 80 pa mzere amati nambalayi ndi yachikale. Sakunama. Inachokera ku makadi oboolaboola a IBM a mu 1928, omwe ankalowa zilembo 80, ndipo ma terminal (sikirini ndi kiyibodi zolumikizidwa ku kompyuta yaikulu) ngati VT100 ya mu 1978 anangotengera zomwezo. PEP 8, malangizo a kalembedwe ka Python omwe anatuluka mu 2001, amati 79, ndipo ma comment ndi ma docstring (mawu ofotokozera code) asapitirire 72. A Linux kernel nawo mu 2020 anafewetsako, checkpatch, pulogalamu yawo yoyendera kalembedwe ka code, inayamba kudandaula mzere ukadutsa 100. Google pa Java amati 100, Black, pulogalamu yosanja code ya Python, inasankha 88. Koma taonani, onsewa akusiyana pa nambala chabe. Malirewo aliyense ali nawo.

Tsono ganizirani za kwathu kuno. Ambirife timagwira ntchito pa laputopu ya mainchesi 14, mwinanso yogwiritsidwapo kale ntchito. Magetsi akathima, monitor yaikulu ija imangokhala duu patebulo, tonse timabwerera pa kasikirini kakang'ono kothamangitsana ndi batire. Mukatsegula mafayilo awiri moyandikana kuti muone zomwe mnzanu wasintha, mzere wa zilembo 160 umathera kuseri. Kuseriko ndi komwe kumabisala && (yotanthauza "ndi" mu code) yomaliza ija, ndipo woyang'ana ntchitoyo amavomereza asanaione. Nanga amene akuwerenga pull request (pempho loti zosintha za mnzake zilowe mu code) pafoni ali mu minibasi yochokera ku Limbe? Nanga wophunzira wa ku MUBAS amene wangolowa kumene pa project yanu?

Chinanso, mzere ukatalika nthawi zambiri vuto silikhala mzerewo. Mumapeza if ili mkati mwa for, for ili mkati mwa if ina, code yonse yathawira kumanja. Malire amakukakamizani kuima n'kutulutsa function ina. Chonde musathane nazo podula maina mpaka totalAmount kusanduka ta, kumeneko n'kuthawa mvula n'kudzigwetsa mu Mudi. Dulani mzere, dzina lisiyeni.

URL (adiresi ya pa intaneti) yaitali isiyeni ilumphe malire, palibe amene angakudzudzuleni.

Ine ndimakonda 88 pa Python, ndipo 100 ndimailandira pa Java chifukwa maina ake ndi aatali kale. Zoposa apo ayi. Gwirizanani nambala tsiku loyamba la project, ilembeni mu fayilo ya malamulo a project, pyproject.toml kapena .editorconfig, kenako Black kapena inzake Prettier izidula yokha mizere nthawi iliyonse munthu akasunga fayilo. Amene muli ndi monitor yotakata ku ofesi, muyambe mwafunsa anzanu kuti iwo akuonera pa chiyani musanatchule nambala yanu.