Batire lanu lafa, ndiye tonse tipume utsi wa dizilo?

Loweruka usiku, pamalo ena oimikapo ma campervan, galimoto zogonamo, ku Lake District kuno ku England, bambo wina analiza injini ya dizilo nthawi itadutsa 10 koloko, n'kuisiya ikubangula pamalo amodzi ola lathunthu. Nkhani yake inali yoti aonere Match of the Day, pulogalamu ya BBC yoonetsa zigoli za Premier League, pamene batire linali litafa kalekale. Ana m'matenti oyandikana nawo akutsokomola utsi, iye ali mkati akukalipira rimoti chifukwa chithunzi chikungodukaduka. Zandikwiyitsa zedi. Ndiye ndikulembera inu abale anga amene mwayamba kugula kapena kubwereka galimoto zogonamozi: za TV zimakonzedwa muli kunyumba, musanatuluke pageti. Pamsasa usiku si poyambira kuganiza.

Ndikuti kunyumba. Pepala, cholembera, ndi masamu a mphindi zisanu.

Batire la m'nyumba ya campervan, lija losiyana ndi loliza injini, nthawi zambiri limakhala la 100Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga: chinthu chokoka 1A chimadya 1Ah pa ola). Ngati ndi la mtundu wakale wa lead-acid, zanu ndi 50Ah zokha, theka. Mita ikaonetsa 12.7V ladzaza, ikafika 12.2V mwadya kale theka lija, ndipo kulitsitsa pansi pa 12V mobwerezabwereza ndi kulikumbira manda. Tsono munthu amanyamula TV ya pabalaza ya mainchesi 32 n'kuilumikiza ku inverter, kachipangizo kosandutsa moto wa batire kukhala wa m'nyumba. TV yotere pamodzi ndi moto umene inverter imataya yokha imakoka pafupifupi 5A. Maola anayi, 20Ah zapita. Firiji ya kompuresa nyengo yotentha imatha kudya 30Ah patsiku. Onjezani magetsi ounikira, pampu ya madzi ndi mafoni a banja lonse. Latsala chiyani? Palibe. TV yopangidwira 12V, ya mainchesi 19 mpaka 22 monga za Avtex kapena Cello, imakoka 2A kapena kupitirira pang'ono, ndiye maola anayi omwewo ndi 8Ah basi. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo kumaoneka papepala munthu asanawononge ndalama. Pogula TV ya 12V funsaninso ngati imapirira moto wokwera, chifukwa batire likamatchajidwa limafika 14.4V, ndipo zina zotchipa zimapsa.

Ndiye choseketsa palibe, chomvetsa chisoni ndi chakuti injini ija inalira pachabe. Galimoto zambiri zatsopano zili ndi alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, imene imatsitsa moto batire la injini likangodzaza, moti popanda chaja yapadera yotchajira batire lachiwiri (DC-DC) batire la m'nyumba limalandira nyenyeswa chabe. Kuliza dizilo pamalo amodzi kumadzazanso mwaye mu sefa ya utsi (DPF). Anthu sanagone, galimoto yavulala, batire silinadzaze. Akanalipira malo okhala ndi soketi ya 230V n'kutenga chingwe chake cha mamita 25, zonsezi sizikanachitika. Safunsa anadya phula.

Mwina anabwereka galimotoyo mothamanga osauzidwa kanthu, kaya. Koma ana a eni ake analakwanji?

Moto ukakhala bwino, chotsatira ndi kudziwa kumene chithunzi chichokere, ndipo ichinso chimadziwika muli pampando kunyumba. Ambiri a ife tinakula tikuona munthu ali panja akupotokola nsungwi ya mlongoti, wina ali pawindo akukuwa kuti yagwira, yathawa, bwezani pang'ono. Freeview, TV ya pa mlongoti kuno ku UK, ndi yomweyo, kungoti tsopano pali polemba postcode ya kumene mukupita pa tsamba lawo la pa intaneti, n'kukuuzani nsanja imene ikutumiza kumeneko ndi matchanelo amene mungapeze. Chitani zimenezi Lachinayi, osati Loweruka usiku. Nsanja zikuluzikulu monga Winter Hill, Emley Moor, Crystal Palace ndi Caldbeck ya ku Cumbria zimafuna mlongoti wogoneka, timano take tili chopingasa. Tinsanja ting'onoting'ono tothandizira m'zigwa, tambiri timafuna mlongoti woimika. Mukalakwitsa apa mutha kusaka usiku wonse osapeza kanthu ngakhale nsanjayo ikuoneka ndi maso. Mukafika, yang'anani padenga la nyumba zapafupi: kumene milongoti yawo yaloza, ndi mmene aiikira, chitani chimodzimodzi. Kenako sakaninso matchanelo pa TV, malo alionse atsopano, chifukwa za ku Manchester sizigwira ku Keswick. Dziwaninso kuti tinsanja tating'onoti timangopereka BBC, ITV, Channel 4, Channel 5 ndi ochepa ena. Si TV yanu yawonongeka ayi, ndi mmene kulili.

Ndipo kamlongoti kozungulira ngati mbale kaja, kamene amati kamagwira mbali zonse osatembenuza, ndi chikomekome cha mkuyu. Pafupi ndi tauni kamagwira. M'chigwa, pakati pa mapiri, kamatola chilichonse pang'onopang'ono, chopanda mphamvu, pamodzi ndi zobwerera kumapiri. Tengani woloza mbali imodzi, wokwezeka pamtengo wake kupitirira denga. Booster, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mlongoti, ndi yabwino kutali ndi nsanja, koma pafupi ndi nsanja imaphwanya chithunzi chifukwa cha kuchulukitsa, ndiye muziitsitsa kaye musanayambe kutukwana. Malo ena ogonapo ali ndi soketi ya mlongoti pachipilala chomwecho cha magetsi. Waya wa coax wa mamita 25 ndi wotchipa, koma amene sanaimbe foni kufunsa safika nawo.

Kumene mlongoti walephera, dishi imagwira, bola kumwamba kuoneke. Freesat, TV ya pa dishi kuno ku UK, ilibe zolipira pamwezi. Imachokera ku masetilaiti a Astra pa 28.2°E, ndiye dishi iloze kum'mwera chakum'mawa, pafupifupi madigiri 145 pa kampasi. Setilaitiyi ili mmunsi kwambiri kuno, madigiri 25 ku London, pafupifupi 22 ku Lake District, osafika 20 ku Inverness. Tanthauzo lake ndi lakuti mtengo wotalika mamita 10 umakutchingirani mpaka mutautalikira mamita 25. Ndiye munthu amasankha malo a pamthunzi wokoma pansi pa mtengo, dishi yake ndi yomangirira padenga, yodzizungulira yokha, ya ndalama zankhaninkhani, n'kumadabwa kuti ikungozungulira osaima. Dishi yamanja ya masentimita 60 kapena 65 pa miyendo itatu, ndi waya wautali, mumatha kuisuntha n'kukaiika poyera. Kumpoto kwa Scotland ikhale yokulirapo. Miyendo ikhomereni pansi ndi zikhomo, apo ayi mphepo ikagwetsa. Dishi zamasiku ano zimaoneka ngati zaimirira chilili pamene zaloza bwino, musaigadamitse poganiza kuti ikuyenera kuyang'ana kumwamba. Isunthireni pang'onopang'ono, kachidutswa kamodzi, dikirani masekondi atatu kapena anayi, chifukwa bokosi limachedwa kuyankha. Kamita kosakira setilaiti kakalira koma chithunzi palibe, kawirikawiri mwagwira Astra ya pa 19.2°E ya matchanelo a ku Germany, bwererani chakumanzere mutaima kumbuyo kwa dishi. Ndipo musazule LNB (kamutu kolandira chithunzi kutsogolo kwa dishi) ya Sky Q kunyumba n'kuiika apa, TV zambiri ndi mabokosi akale sagwirizana nayo. Zonsezi yeserani pabwalo la kwanu masana, kawiri katatu, mpaka manja azolowere. Kuphunzira kuloza dishi ndi tochi kukamwa mvula ikugwa ndi kudzizunza dala.

Amene mukuwolokera ku France ndi Spain, dziwani kuti kuyambira 2014 setilaiti imatumiza BBC ndi anzake m'dera lopapatiza, molunjika ku Britain. Mukamatsika kum'mwera kadishi kakang'ono kamasiya kugwira, ndipo BBC iPlayer, yoonera BBC pa intaneti, nayo sigwira kunja kwa UK.

Tsono pali ena amati ine zonsezo ayi, ndili ndi foni. Chabwino. BBC iPlayer, ITVX ndi zina zimaonetsa pompopompo. Koma mwawerengera? Chithunzi cha HD chimadya 2GB mpaka 3GB pa ola, mpira umodzi ndi 4GB mpaka 6GB. Mukatsitsa kufika pa SD sichifika 1GB pa ola, ndipo pa TV ya mainchesi 19 kusiyana kwake n'kochepa. Campervan ndi bokosi la chitsulo, netiweki imavutika kulowa, n'chifukwa chake foni imagwira panja koma mkati zii. Mankhwala ake ndi rauta ya 4G kapena 5G yokhala ndi mlongoti wake padenga. Komabe ngakhale rauta siingalenge netiweki pamene palibe. EE, O2, Vodafone ndi Three onse ali ndi mapu oonetsa kumene amafika. Onani mapuwo muli kunyumba, ndipo tengani ma SIM a makampani awiri osiyana. Wi-Fi ya pamsasa musaidalire, ikamakwana 8 koloko madzulo aliyense wayatsa yake ndipo imagwada. Starlink Mini, kadishi ka intaneti ya pa setilaiti, imagwira kumene mafoni alephera, inde, koma imakoka 25W mpaka 40W, ndiye kuti 2A mpaka 3A pamwamba pa za TV, imafunanso kumwamba koyera kopanda nthambi, ndipo pa 12V ndi waya wautali woonda imangozima n'kuyaka. Tabwereranso ku batire lomwe lija. Kulikonse mungathawire, masamu a batire akukudikirani. Walira mvula walira matope.

Ngati mumakonda kugona kutchire kopanda soketi masiku angapo, batire la lithium la 100Ah limakupatsani 80Ah kapena kuposa, ndipo sola ya 100W kapena 150W padenga imabweza zambiri chilimwe. Mu December kuno dzuwa ndi la dzina lokha, sola musaiwerengere.

Za mpira ndinene mosabisa, chifukwa ambiri mavuto onsewa ndi a mpira. Premier League ya pompopompo pa Freeview kapena Freesat palibe. Ili pa Sky Sports ndi TNT Sports, zolipira, ndipo mu campervan njira yosavuta ndi ya pa intaneti. Masewero a Loweruka 3 koloko masana saonetsedwa pompopompo ku UK konse, ngakhale mutalipira bwanji. Tinazolowera SuperSport kumudzi kumene amaonetsa onse, kuno lamulo ndi lina. Munthu akudziwa zimenezi sangagule dishi ya pamwamba poganiza kuti aonera Arsenal kwaulere. Laisensi ya TV nayo musaiiwale: chilichonse cha pompopompo, kaya pa mlongoti, pa dishi kapena pa foni, ndiponso iPlayer yonse, zimafuna laisensi. Ya kunyumba kwanu imakwanira pa campervan yoyenda nayo. Amene mukukhaliratu m'galimoto opanda ya kunyumba, gulani yanu, chindapusa chimafika £1,000.

Zonsezi palibe chovuta. Postcode, mapu a netiweki, foni imodzi yofunsa ngati pali soketi ndi mitengo, masamu a batire, kuyesera pabwalo. Ola limodzi kunyumba. Amene walephera kupeza ola limodzi limeneli asabwere kudzalanda tulo ta anthu makumi atatu. Batire likafa, zimitsani, mawa kukacha muonera zobwereza.

Komanso inu amene batire lanu lili bwino koma mumatulutsa TV panja pansi pa kansalu kamthunzi n'kukweza mawu ngati video show ya pamsika, nanunso ndikukunenani. Khoma la tenti ndi nsalu. Anthu ayenda maola asanu kuthawa phokoso la m'tauni, ena ali ndi makanda, ena akudzuka mbandakucha kukakwera phiri. Mahedifoni a Bluetooth alipo, TV zambiri za 12V zimalumikizana nawo. Ndipo waya wanu wa dishi musamaudutsitse panjira yopita kuchimbudzi popanda chouphimba, usiku anthu akupunthwa nawo.