Msonkho unathamangitsa malasha ku Britain, koma sabuside ikuwotchetsa mitengo

Anthu akamatamanda Britain kuti inasiya kupanga magetsi ndi malasha, amayankhula ngati eni makampani anangodzuka tsiku lina atalapa. Ayi ndithu, anachita kufinyidwa m'thumba.

Mu 2012 pafupifupi 40 peresenti ya magetsi a dzikolo inkachokera ku malasha. Mu 2013 boma linaika msonkho pa mpweya wa kaboni wotuluka m'malo opangira magetsi, ndipo pofika 2015 unali pa mapaundi 18 pa tani iliyonse, kuwonjezera pa zomwe makampaniwo ankalipira kale potsatira malamulo a European Union. Malasha amatulutsa mpweyawu pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi gasi, choncho msonkhowo unawaluma kwambiri ndipo phindu linatha. Siteshoni yomaliza yopanga magetsi ndi malasha, Ratcliffe-on-Soar, inatsekedwa pa 30 September 2024.

Mpaka apa ndilibe nazo mawu. Pomwe mtima wanga sukukhazikika ndi pa Drax, siteshoni yaikulu ya ku North Yorkshire. Iyo sinatseke. Mwa makina ake 6, anayi anasinthidwa kuti aziwotcha tizidutswa ta nkhuni, tambiri totengedwa pa sitima zapamadzi kuchokera ku United States ndi Canada. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: malamulo amawerengera nkhuni m'gulu limodzi ndi dzuwa ndi mphepo, ati poti mitengo imameranso. Ndiye msonkho wa kaboni uja suwakhudza, ndipo pamwamba pake amalandira sabuside ya mapaundi mamiliyoni mazanamazana pachaka. Ndalamazo sizigwa kumwamba, zimalowa mu bilu ya magetsi, kuphatikizapo ya abale athu amene akugwira ntchito usiku ku Leeds ndi Manchester.

Koma utsi wa nkhuni ndi utsi basi. Umatuluka lero, pamene mtengo wobzalidwa m'malo mwake udzatenga zaka makumi kuti ukule. Ife a ku Malawi zimenezi tikuzidziwa bwino. Kwathu wa makala akagwidwa pa rodibuloko amalandidwa matumba, nthawi zina ndi njinga yomwe, pomwe uku wowotcha nkhuni zodzaza sitima akupatsidwa ndalama.

A Drax amati amagwiritsa ntchito zotsalira za m'mafakitale a matabwa ndi mitengo yosafunika kwenikweni, komanso kuti magetsi awo amathandiza mphepo ikaleka kuwomba. Mfundo yachiwiriyi ndiyomveka. Komabe mu February 2025 boma linavomera kupitiriza sabuside mpaka 2031, ngakhale yochepetsedwa, ndipo ine ndikanakonda ndalama zimenezo zikanapita ku mabatire osungira magetsi.