Chenjezo kwa alimi a njuchi ku Britain: varroa sadikira kuti mubwere kutchuthi

Abale anga amene mukuweta njuchi kuno ku Britain, makamaka inu achinyamata amene mwangoyamba kumene ulimiwu, tcherani khutu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mchitidwe wodikira kuti masamba ayoyoke m'mitengo, kenako n'kumathamangathamanga ndi mankhwala a varroa, kankhupakupa kodya njuchi, mu Okutobala, ukutha ming'oma yanu, ndipo ukuphetsa njuchi za anthu amene sanakulakwireni kanthu. Lekani zimenezi.

Kumene kwachokera mphwayizi ndikukudziwa. Ambirife tinakula tikuona mng'oma uli lende mumtengo ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay, mwiniwake n'kumapitako pokafula uchi basi. Njuchi zakwathu n'zamtundu wina. Zimagawikana pafupipafupi, ndipo zikaona kuti pamalo pavuta zimasamuka n'kusiya zisa. Varroa atafika ku South Africa mu 1997, njuchi zakumeneko zinavutika zaka zingapo kenako n'kupirira zokha popanda mankhwala. Koma njuchi zimene mwagula ku Kent kapena ku Yorkshire si zimenezo ayi. Varroa anapezeka koyamba m'dziko lino mu 1992 ku Devon, ndipo njuchi zambiri zakuno, mukazisiya zokha ndi mdaniyu, zimatha m'zaka zochepa. Nzeru za kumudzi zoti njuchi zimadzisamala zokha zisiyeni kumudzi komweko.

Mvetsani mmene kachilomboka kamagwirira ntchito, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Varroa ndi kankhupakupa kofiirira kosafika mamilimita awiri. Kakakazi kamalowa m'chipinda cha mphutsi njuchi zitatsala pang'ono kuchimata ndi phula, n'kuikira mazira momwemo. Masiku 12 amene mwana wa njuchi yantchito amakhala motsekeredwamo, iko ndi ana ake akumudya. Kale anthu ankati kamayamwa magazi, koma kafukufuku wa Samuel Ramsey ndi anzake wa 2019 anaonetsa kuti chakudya chake chachikulu ndi mafuta a m'thupi la njuchi, omwewo amene njuchi imadalira kuti ipirire chisanu. Pobaya pamenepo kamasiyanso matenda opundula mapiko. Njuchi ina imatuluka mapiko ali opinimbira, yosatha n'kuuluka komwe. Ina imatuluka ikuoneka bwinobwino, koma moyo wake utafupikitsidwa kale, ndipo imeneyi ndi imene imakupusitsani.

Njuchi yobadwa nyengo yotentha imakhala pafupifupi milungu isanu ndi umodzi n'kufa. Koma zimene zimabadwa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala zimayenera kukhala ndi moyo mpaka Malichi. Ndizo zimaunjikana n'kufunditsa make njuchi chisanu chonse, ndizonso zimalera ana oyamba a chaka chotsatira. Tsoka lake n'lakuti nthawi yomweyo make njuchi amachepetsa kuikira, pamene varroa, amene amachulukana mowirikiza pafupifupi mwezi uliwonse m'chisa mukakhala ana, wafika pachimake. Ana akuchepa, adani akuchuluka, ndiye chipinda chimodzi chimalowedwa ndi awiri kapena atatu. Mankhwala anu amayenera kukhala atagwira kale ntchito njuchi za m'chisanuzi zisanabadwe. Apa ndikunena Ogasiti, mutangochotsa uchi.

Mukathira mu Okutobala, varroa afadi, agwa mbwee pathabwa la pansi pa mng'oma. Ena mwa inu mumajambula thabwalo n'kutumiza pa WhatsApp mokondwa kuti onani mmene mankhwala agwirira ntchito. Mwana wanga, chithunzi chimenecho ndi umboni woti unachedwa. Zonsezo zinadya kale njuchi zako za m'chisanu, ndipo palibe mankhwala obwezera mafuta m'thupi la njuchi yobadwa yopuwala. Kuli ngati kuthira feteleza chimanga chitauma kale ndevu. Pofika Januwale mudzatsegula mng'oma n'kupeza uchi uli tho, koma njuchi zodzadza dzanja limodzi zitafera pamodzi ndi make. Pamenepo mudzayamba kunamizira chisanu, kapena amene anakugulitsani make njuchi. Si chisanu chimenecho. Ndi inuyo.

Zifukwa zanu ndazimva. Ena mumati tidikire pang'ono, mwina tipezako mabotolo ena angapo a uchi. Kususuka kumeneko kumakudyerani mng'oma wathunthu. Ena mumati Ogasiti ndi tchuthi cha ana asukulu, tinapita kukaona makolo kumudzi. Kuona makolo n'kofunika, sindikutsutsa. Koma amene ali ndi mbuzi sakwera ndege osasiya woziyang'anira. Chotsani uchi musananyamuke, ikani mankhwala, ndipo pemphani mnzanu wa m'bungwe la alimi a njuchi la dera lanu kuti adzasinthe tsiku lake likakwana. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kuchedwaku kumabala kusasamala kwina, ndipo apa mpamene mtima umandiwawa kwambiri. Mankhwala a Apiguard, opangidwa ndi thymol, amafuna kunja kukhale kotentha kupitirira madigiri 15 kuti afuke bwino, komanso amatenga milungu inayi kapena kuposerapo. Kutentha kumeneko mukupeza kuti ku Leeds kapena ku Glasgow kumapeto kwa Okutobala? Mukungotaya ndalama n'kudzinamiza kuti mwachiza. Apivar, amene ndi timizere ta mankhwala topachika pakati pa zisa, amakhala mumng'oma milungu 6 mpaka 10, ndiye woika mochedwa amafika Disembala, kunja kutazizira, n'kuchita ulesi wokachotsa timizereto. Timakhala momwemo mpaka Malichi tikutha mphamvu pang'onopang'ono, ndipo umo ndi mmene varroa amazolowerera mankhwala. Zinachitika kale ndi mankhwala a Apistan ndi Bayvarol, amene lero sadalirikanso m'madera ambiri a dziko lino. Mukufuna mutiwonongerenso otsalawa?

Ndiye pali amene mumati palibe vuto, tidzathira oxalic acid pa Khirisimasi. Oxalic acid sadutsa phula limene lamata zipinda za ana. Amapha okhawo amene ali pathupi pa njuchi zikuluzikulu, n'chifukwa chake nthawi yake ndi pamene mumng'oma mulibe ana, cha kumayambiriro kwa Disembala. Ntchito yake ndi kuyeretsa mng'oma pokonzekera chaka chamawa, salowa m'malo mwa mankhwala a mu Ogasiti. Ndipo kaguleni oxalic acid wopangidwira njuchi monga Api-Bioxal, kapena ena ovomerezeka ndi Veterinary Medicines Directorate, nthambi ya boma yoona za mankhwala a ziweto. Ufa wotsukira matabwa wa m'sitolo ya zomangira si mankhwala a njuchi, ndipo lamulo sililola. Lamulo lomwelo limafuna kuti musunge zolemba za mankhwala onse amene mwagwiritsa ntchito kwa zaka zisanu. Pofukiza oxalic acid valani chotchinga mphuno choyenera ntchitoyo. Utsi umenewo umatentha mapapo, ndipo muli ndi ana oti muwalere.

Musandiuze kuti ndinayang'ana sindinaone kanthu. Varroa ambiri amakhala m'zipinda zomata, ena amabisala kumimba kwa njuchi. Mukamuona ali pamsana pa njuchi, zinthu zinaipa kale. Werengani. Tapani theka la kapu ya njuchi, zomwe ndi pafupifupi 300, muzigwedeze mu shuga wa ufa, muone amene agwe. Kapena lowetsani thabwa kunsi kwa sefa ya pansi pa mng'oma kwa mlungu wathunthu n'kuwerenga ogwa okha. A National Bee Unit, nthambi ya boma yoona za umoyo wa njuchi, amalangiza kuti varroa asafike 1,000 mumng'oma umodzi, ndipo kulembetsa ming'oma yanu pa tsamba lawo la pa intaneti la BeeBase n'kwaulere.

Za anansi anu nazo muziganizire. Mng'oma ukafooka mu Seputembala, njuchi za ming'oma ina zimabwera kudzaba uchi, zina kuchokera mtunda wa makilomita angapo, ndipo zimabwerera kwawo zitabereka varroa wanu. Gogo wina amene anathira mankhwala ake panthawi yake amapeza mng'oma wake wadzadzanso, osadziwa kumene zachokera. Munthu wamkulu sachita zotero kwa anthu amene anamulandira ndi kumupatsa malo oika ming'oma.

Ngati mukuwerenga izi nthawi itapita kale, musapinde manja. Werengani varroa lero, sankhani mankhwala ogwirizana ndi kuzizira kumene kulipo, tsatirani zolembedwa papaketi osawonjezera kapena kuchepetsa, ndipo lembani tsiku lochotsa. Chepetsani khomo la mng'oma kuti akuba asalowe. Mng'oma umene njuchi zake zikukwawa pansi ndi mapiko opinimbira musauphatikize ndi wathanzi poti muupulumutse, mungataye yonse iwiri. Ukafa, utsekeni tsiku lomwelo, ndipo kauzeni alimi oyandikana nanu kuti nawonso awerenge varroa m'ming'oma yawo chisanu chisanakhwime.