Hafu ya malikisi

Zotsatira za mayeso anga a Chingelezi zatuluka m'mawa uno. Kumvetsera 8.5, kuwerenga 9, kulemba 8, kulankhula 7. Bungwe lopereka ziphaso kwa othandiza anthu ovutika kulankhula kuno ku UK limafuna 8, ndipo gawo lililonse lisatsike pa 7.5. Ndagwa ndi hafu ya malikisi. Hafu, abale anga a ku Mangochi! Ndalama ija ndinabwereka kwa achimwene a ku Joni yapita yonse.

Munthu wake ndine, amene ndikumaliza digiri yachiwiri ya neurolinguistics, maphunziro a mmene ubongo umapangira ndi kumvera mawu. Mutandidzutsa pakati pa usiku ndingakuuzeni za Paul Broca wa ku Paris, amene mu 1861 anali ndi wodwala wongotulutsa liwu limodzi lokha, ndipo atamwalira anamupeza ndi chilonda kumanzere kwa ubongo, chakutsogolo. Ndingakuuzeninso za Carl Wernicke, amene mu 1874 anafotokoza za odwala olankhula mosadodoma koma zopanda mutu. Zonsezi ndimalemba m'Chingelezi, aphunzitsi n'kumagwedeza mutu. Koma mphindi zosakwana 15 pa mayeso olankhula ndi mayi wina wondifunsa ngati ndimakonda kulima maluwa, akuti Chingelezi changa chaperewera. Maluwa! Kwathu ku Namwera timalima chimanga ndi nandolo, ndikanati chiyani?

Za lendi ndi kuzizira mukuzidziwa kale. Visa ya ophunzira imalola maola 20 okha pa sabata, ndipo ine ndimawathera kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko palibe anandifunsapo malikisi. Posambitsa agogo a eni, powadyetsa phala, powatonthoza usiku akamaitana mkazi wawo amene anamwalira kalekale, Chingelezi changa n'chokwana ndithu. Chimaperewera pokhapokha malipiro akafuna kukwera.

Atsamunda anatilamulira kuyambira 1891 mpaka 1964. Satifiketi ya MSCE sungaione usanakhoze Chingelezi. Kusekondale tinkalima udzu tikagwidwa tikulankhula Chiyao kapena Chichewa. Koma pamndandanda wa mayiko olankhula Chingelezi womwe amagwiritsa ntchito kuno, Jamaica alipo, Malta alipo, Malawi palibe. Ndipo zotsatira za mayesowa zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ngati kuti Chingelezi ndi usipa wosayanika woti chiwole.

Nanenso ndine chitsiru china. Ndimaima pagalasi kuyeserera kupinda lilime kuti R ndi L zisiyane, bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Inunso pa WhatsApp mwayamba kale kunditchula adokotala, wina akufuna foni, wina injini ya boti, wina akuti ndimupezere ntchito iliyonse poti kuno ndalama n'zongotola. Bwerani mudzatole hafu yanga ija.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zida zomwe tikuphunzira kuyezera odwala. Pali Boston Naming Test, zithunzi 60, wodwala sitiroko azitchula dzina la chilichonse. Muli igloo, nyumba ya ayezi. Muli pretzel, muli beaver, muli kavalo wa nyanga imodzi wa m'nthano zawo. Musonyezeni msodzi wa ku Makanjira wabwinobwino, amene amasiyanitsa chambo ndi kambuzi mumdima, pepala linena kuti ubongo wake unawonongeka. Nditanena izi m'kalasi anati ndi mfundo yosangalatsa kwambiri, n'kupitiriza phunziro. Anthu omwewa, osadziwa chilankhulo chachiwiri, ndiwo akundiyeza ine wolankhula zitatu. Ndiye hafu.

Tisiye nthabwala. Ambiri mukudziwa kuti amayi anga anadwala sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, Chichewa chomwe ankagulitsira mandasi pa msika chinathawa, chinatsala ndi Chiyao chodukaduka. Anzawo ena ankati awalodza, ena ankawakuwira m'khutu ngati sakumva. Amamva. Vutoli limatchedwa aphasia, nzeru zimakhala zilipo, mawu ndiwo amakanika kutuluka, ndipo munthu akamaphunzitsidwa moleza mtima mawu ambiri amatha kubwerera. Kuchipatala anawathandiza za magazi kuthamanga ndi za mwendo, koma panalibe wowayeza kalankhulidwe m'chilankhulo chawo. Ndicho ndinakwerera ndege.

Mayesowa ndilembanso, achimwene pepani, ndikubwezerani zonse pamodzi. Koma chiphaso chawocho chibwere chisabwere, ndikamaliza sukulu ndikubwerera. Ndikufuna tipange zithunzi zathu zoyezera odwala: bwato, lichero, mtondo, kabaza, mzikiti, chambo. Ndifuna wodziwa kujambula, ndi akuluakulu olankhula Chiyao chenicheni cha ku Makanjira ndi Katuli, osati chosakaniza cha pa boma. Amene muli ndi m'bale wotaya mawu chifukwa cha sitiroko, ndilembereni kumbali, mundiuze chilankhulo chomwe chinatsala.