Phiri si dzala, abale

Ndatopa nazo. June ndi July ndiyo miyezi yabwino yokwera mapiri a ku Blantyre monga Michiru, Soche kapena Ndirande. Dzuwa siliwotcha, matope kulibe, ukanyamuka m'mamawa pofika masana uli pakhomo. Koma chimakuchingamira pamwamba n'chiyani? Mabotolo a madzi, zotengera chipisi, majumbo atakodwa m'udzu, mpaka matewera a ana!

Botolo lodzaza munakwera nalo bwinobwino, lopanda kanthu likulemereni potsika? Jekete mwavula pakati pa njira n'kuimanga m'chiuno, jumbo yokha ndiye yasowa poika? Majumbo opyapyalawa boma linawaletsa mu 2015, koma pitani pa Soche mukawaone akuuluka.

Ndiye pali anzathu a masipika. Chiperoni chikabwera, chifunga chimakuta njira mwadzidzidzi, ndipo pamafunika kuitanizana ndi mnzako wotsalira m'mbuyo. Umumva bwanji m'phokoso lotere? Winanso wazizidwa, wasonkha moto pambali pa udzu wouma, n'kuusiya ukufuka. Mitengo ya pa Ndirande inatha kale ndi nkhwangwa. Timitengo timene anthu akuvutika kubzala tipserenso chifukwa inu mumafuna kuwotha manja?

Ndikadzakuonani mukutaya botolo, ndidzatola n'kukupatsani m'manja pamaso pa anzanu.