Kukonza nyumba yogulitsa ku England ndi ku Scotland

Munthu amene akufuna kugulitsa nyumba ku England ndi mnzake wa kutsidya kwa malire ku Scotland amayamba ndi ntchito zofanana. Onse amachepetsa katundu m'zipinda, amapenta makoma, amatsitsa zithunzi za ana ndi za ukwati, kenaka amaitana wojambula kuti nyumbayo ioneke yotakasuka pa intaneti. Amasiyana pa nkhani ya amene amayamba kulowa m'nyumbamo, kaya ndi wogula kapena katswiri woyendera nyumba.

Ku Scotland, kuyambira pa 1 Disembala 2008, nyumba zambiri siziloledwa kulengezedwa malonda popanda chikalata chotchedwa Home Report, chimene wogulitsa amalipira yekha. M'chikalatamo muli lipoti la katswiri lofotokoza mmene nyumbayo ilili ndi mtengo wake, lipoti la mmene imagwiritsira ntchito magetsi ndi gasi, komanso mafunso amene mwini nyumba amayankha. Katswiriyo amapereka nambala ku mbali iliyonse ya nyumba: 1 ngati palibe chofunika kukonza msanga, 2 ngati padzafunika kukonza m'tsogolo, ndipo 3 ngati vutolo silingadikire. Pa tsiku lolengeza malonda, lipotilo lisakhale litapitirira milungu 12 chilembedwere. Choncho wogulitsa wanzeru amayamba wakwera padenga ndi kutseka pothonya asanaganize za makatani, chifukwa amadziwa kuti wogula adzabwera ataliwerenga kale lipotilo. Utoto watsopano pa khoma la chinyezi sungasandutse 3 kukhala 1.

Ku England boma linayesapo njira yofananirako mu 2007, ya zikalata zotchedwa Home Information Pack, koma inaimitsidwa mu 2010 ndipo chimene chinatsala ndi satifiketi ya kagwiritsidwe ntchito ka magetsi ndi gasi. Kumeneko wogula amayamba waona ndi maso, n'kutchula mtengo, kenaka ndiye amalipira katswiri wakewake. N'chifukwa chake kukongoletsa kumakhala kofunika kwambiri pa malonda a kumeneko. Galasi lalikulu loyang'anizana ndi zenera, nyali yoyaka pakona, tebulo laling'ono loikidwa m'chipinda chopanikizika kuti chioneke chachikulu, zonsezi zimagwira mtima wa munthu asanamve za ming'alu. Koma katswiri akadzatulukira chinyezi kuseri kwa kabati, wogula amatsitsa mtengo kapena kubwerera m'mbuyo, pakuti lamulo silimanga aliyense kufikira mbali ziwirizo zitasinthana mapepala a mgwirizano. Miyezi imatha, ndalama za maloya zimapita, nyumba n'kubwereranso pamsika.

Ine ndimaona kuti njira ya ku Scotland ndi yachilungamo, ngakhale ili ndi zodandaulitsa zake. Wogulitsa amatulutsa ndalama asanapeze wogula, ndipo ena amakayikira katswiri amene wasankhidwa ndi kulipidwa ndi mwini nyumba. Kukongoletsanso kukadali ndi phindu kumeneko, pakuti nyumba zambiri zimalengezedwa ndi mtengo woyambira, ndipo ofuna kugula akachuluka, aliyense amatumiza mtengo wake mwachinsinsi kudzera kwa loya pofika tsiku lotsekera. Pa mpikisano wotere, chipinda chowala ndi khitchini yaukhondo zingakweze mtengo kupitirira umene katswiri analemba, koma wogulayo amawonjezera ndalamazo akudziwa kale kuti denga linalandira nambala yanji.