Ankati ndikupita ku Galway, ndinathera ku Muckanaghederdauhaulia

Abale anga amene mukuthamangira ntchito yosamalira okalamba ku Ireland, ejenti akakuuzani kuti "mukakhala ku Galway" muzimufunsa kuti Galway yake iti. Pali mzinda wa Galway, wa mabasi, mashopu ndi yunivesite. Ndiye palinso County Galway, chigawo chachikulu chofika kunyanja ya Atlantic, ndipo kumadzulo kwake kuli Connemara: miyala, madambo a dothi lakuda lomwe amaumitsa n'kumasonkhera moto, nkhosa zogona pamsewu, nyumba imodzi apa ina kutsidya uko. Ine ananditaya kumeneko.

Mmodzi mwa agogo omwe ndimawasamalira amakhala pakamudzi kotchedwa Muckanaghederdauhaulia, m'mbali mwa Camus Bay. Werengani nokha, zilembo 22. Alendo amalijambula dzinali n'kumaseka pa Facebook, koma ine silindiseketsa, chifukwa ndi ine ndimalilemba pafomu ya maola anga pomwe kabokosi kake n'kakang'ono. Komanso dera lino ndi Gaeltacht, kumene anthu amayankhula Chiairishi tsiku ndi tsiku, choncho zikwangwani zapamsewu zili m'chinenero chawo. Pepala la kuofesi likuti Costelloe, chikwangwani chikuti Casla. Pepala likuti Carraroe, chikwangwani chikuti An Cheathrú Rua. Dzina lalitali lija eni ake amalemba Muiceanach idir Dhá Sháile. Nyumba zilibe manambala. Chimene chimatipulumutsa ndi Eircode, kanambala ka nyumba iliyonse komwe anayambitsa mu 2015, bola netiweki ikhalepo kuti mapu atseguke.

Koma zonsezo n'zopirira. Chimene chimandiwawa ndi nkhani ya galimoto, yomwe ejenti uja sanaitchule ngakhale kamodzi. Ntchito yoyendera okalamba m'makomo kuno sungaigwire wapansi. Basi ya 424 imayenda mumsewu waukulu wa kugombe, silowa m'tinjira topita kumakomo kwa agogowa, ndipo kabaza kulibe. Laisensi ya ku Malawi sasintha kuno. Mnzanga wa ku Joni anangopereka yake ya South Africa n'kulandira ya Ireland, pomwe ine, amene ndayendetsa galimoto pa M1 zaka zambirimbiri, anandibweza ku sitandade wani: mayeso olemba, pepala la wophunzira, maphunziro olipira kwa mlangizi, kenako kudikira tsiku la mayeso apamsewu miyezi ndi miyezi. Pamene uli ndi pepala la wophunziralo lamulo silikulola kuyendetsa wekha, pambali pako pakhale munthu wa laisensi yonse. Munthu ameneyo ndimutenga kuti 7 koloko m'mawa, mvula ikuwomba cham'mbali? Inshuwalansi ndiye musanene, amakutenga ngati mwana woyamba kumene kugwira chiwongolero.

Kampani yathu imawerenga nthawi yomwe uli m'nyumba ya gogo basi. Mphindi zapamsewu, kudikira pakati pa nyumba iyi ndi inayo, zimenezo akuti n'zako. Umachoka kukadali mdima, kubwerera kutada, koma papepala la malipiro maola ake ochepa. Ukadandaula amakukumbutsa mwaulemu kuti pemiti yako ili m'dzina lawo. Pamalipiro omwewo chotsapo lendi, mafuta otenthetsera nyumba, ndi 300 euro ya khadi la IRP, chiphaso chokhalira m'dziko muno, nthawi iliyonse yokonzanso.

Pa 24 January 2025 kunabwera namondwe Éowyn. Ku Mace Head, komwe kuno ku Connemara, mphepo inafika makilomita 184 pa ola, ndipo nyumba ndi mabizinesi pafupifupi 768,000 m'dziko lonse anakhala opanda magetsi. Madera ena kuno magetsi anatha masabata asanabwerere. Madzi anasiya, mafoni anafa. Ndinkawasambitsa agogo ndi madzi otenthetsa pambaula yawo ya dothi lija, tochi ndaluma pakamwa. Kuofesi ku tauni, netiweki itabwerera, funso lawo loyamba linali loti bwanji sindinalowetse maola pafoni.

Anthu a kuno sindingawanamizire zoipa. Ulowe m'nyumba, tiyi ndi buledi wa soda zili patebulo, ukakana amakufunsanso mpaka utalandira. Gogo wanga uja mutu unayamba kuiwala, Chingerezi chinawathawa, atsala ndi Chiairishi chokha. Amandigwira dzanja n'kumandifotokozera nkhani yaitali, wailesi ya Raidió na Gaeltachta ikulira pakona, ine n'kumangovomera ndi mutu osadziwa ngati akuti chiuno chikupweteka kapena akufunsa za ng'ombe zawo. Ntchito yofuna kumva pomwe munthu akumva ululu, anatumako munthu amene sanaphunzitsidwe ngakhale moni wa chinenerocho. Amene akulakwiridwa pamenepa si ine ndekha.

Ndiye pa WhatsApp achimwene akuti, "Achemwali, muli ku Ulaya inu, titumizireniko ya feteleza." Ufa wa nsima womwe ndimakagula kushopu ya anthu akuda mumzinda, ulendo wa ola lathunthu, ndipo tsiku lopuma limathera pomwepo. Ya fetelezayo ndituma ndithu mwezi ukatha, koma mlamu wanga amene akuti ndimulumikize ndi ejenti yemwe uja, ndamuuza kuti nambala ndinafufuta.